Chaka Chimene Bambo a Rozina Anasiya Kumva Chisanu

Chizindikiro choyamba chinali chakuti bambo a Rozina anasiya kumva chisanu. Munali mu Juni chaka cha 1979, ndipo amene anakhalako kwathu kuno kufupi ndi Mphunzi akumudziwa Juni wa ku Dedza. Madzi a m'ndowa amaluma zala, ng'ombe zimatuluka nthunzi m'mphuno, ana amathawa kusamba mpaka uwatolere kamtengo. Tsiku lina m'mawa ndinatuluka m'nyumba nditadzikulunga nsalu ziwiri, mano akugundana, n'kuwapeza amuna anga atakhala pakhonde opanda malaya, thukuta likutsetsereka m'khosi ngati munthu amene wachokera kolima mu Okutobala. Ndinawafunsa ngati m'thupi muli bwino. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Awa ndi magazi a munthu wogwira ntchito, mayi a Rozina. Inu muzinjenjemera nokha." Nane ndinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumene kuja, mpaka lero ndimadzinyansa.

Ine ndine Nambewe. Amuna anga, amene dzina lawo la ubatizo ndi Fabiyano, kwawo ndi ku Kaphuka, koma anadzamanga kwathu kuno pachikamwini. Pa nthawi imene ndikunenayi tinali ndi mwana mmodzi yekha, Rozina, wa zaka zinayi. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho amuna anga anali atapeza ntchito pa kampani ina yocheka matabwa a paini m'munsi mwa phiri, ulendo wa ola limodzi ndi theka wapansi. Sanawaike kumacheka. Anawaika kuthanki.

Thanki imeneyi ndinaiona ndi maso angawa, chifukwa masiku ena ndinkawaperekera mbatata ya kachewere yophika kuti adye masana. Inali ngati chomwera ng'ombe, koma yachitsulo ndi yaitali, yodzaza mafuta akuda bii osakaniza ndi mankhwala oletsa chiswe ndi kufumbwa. Amuna anayi ankaviika mapolo ndi matabwa mmenemo, kuwakanikiza ndi manja mpaka m'zigongono kuti amwe bwino, kenako kuwavuula n'kuwasenza paphewa akuchucha, kukawasanja panja. Magolovesi kunalibe. Jombo anali nazo kapitawo yekha, amenenso sankayandikira thankiyo. Sopo kunalibe, ndipo nthawi yakudya ikakwana ankangopukuta manja ndi utuchi. Ndinkaona mbatata yanga yoyera ija ikuchita mawanga akuda m'zala zawo, iwo n'kumaiponya m'kamwa. Fungo la pamalopo linkayetsemulitsa mpaka misozi, ndipo likakulowa kukhosi linkakhala komweko mpaka tsiku lotsatira.

Komabe anthu a kuthanki ankasiriridwa. M'nyengo yozizira anzawo a kumacheka ankaunjikana pamoto wa zidutswa za matabwa, manja ali m'khwapa, pamene a kuthanki ankayenda mabatani ali otsegula. Inabuka mbiri yakuti mafutawo amalimbitsa thupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ife tinkangoona kufiira kwa kunja. Ena ankapempha pang'ono m'kabotolo kuti akapake m'ming'alu ya kumapazi ndi pa zipere za ana. Zitini za mankhwalawo zikatha ankalimbirana, ndipo tsiku limene amuna anga anabwera nacho chimodzi ndinavina pakhomo. Ndinachitsuka katatu ndi phulusa n'kuyamba kutenthetseramo madzi osamba. Pambali pake panali chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa, ndi mawu achingerezi amene sindinkatha kuwerenga. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine sindinafunse munthu aliyense za chithunzicho.

Panalinso chijasi. Chinali chakuda, cholemera, chimene malume awo anabwera nacho kuchokera ku Joni n'kuwasiyira. Masiku oyamba ankachivala chifukwa cha mphepo ya m'mawa. Atasiya kumva chisanu ankachipinda n'kuchiika paphewa ngati nkhata posenza mapolo onyowa aja. Chinamwa mafuta mpaka kuuma gwa, moti ukachiimika chinkangotsala pang'ono kuima chokha. Kamodzi ndinapita nacho kumtsinje kuti ndikachichape. Madzi anachita mafuta pamwamba, ambululu anayandama mimba zili m'mwamba, ndipo amayi anzanga amene ankachapa kumunsi anandithamangitsa ndi mawu amene sindingawalembe pano. Kuyambira tsiku limenelo sindinachichapenso. Chinkangokolekedwa pamsomali kuseri kwa chitseko, m'chipinda momwe tinkagona ndi mwana.

Mu Julaye nkhope yawo inayamba kusintha. M'munsi mwa maso ndi kuseri kwa makutu kunatuluka timadontho takuda tambirimbiri, ngati munthu wawazidwa mawere opserera. Kenako tinasanduka ziphuphu zachikasu, zina zazikulu ngati nsawawa, zotuluka mafinya onunkha mafuta ovunda. Zinafika m'khwapa ndi m'malo ena obisika. Maso anali ofiira nthawi zonse. Madzi ankamwa chikho pa chikho osakhuta, chakudya ankadya cha anthu awiri, koma lamba wawo ankamuboola mabowo atsopano ndi msomali pafupifupi sabata iliyonse.

Ndinena zoona, chifukwa ndikabisa, nkhaniyi sithandiza munthu. Amuna anga ankandinyansa. Mphasa inkanunkha, mtsamiro unachita chibanga chachikasu, mbale imene adyera inkanunkha ngakhale nditaikwecha ndi mchenga. Akandigwira dzanja ndinkadikira atembenuke kuti ndipukute pansalu. Rozina, amene kale ankawachingamira kunjira akuthamanga, anayamba kubisala kuseri kwa nkhokwe akawaona akubwera. Ndinkapita kukalapa kwa ansembe kuti ndikunyansidwa ndi mwamuna amene ndinamanga naye ukwati woyera, ndipo ndinkabwerako ndikunyansidwabe. Mphuno yanga inkandiuza zoona tsiku ndi tsiku, koma ine nseru imeneyo ndinkaiyesa tchimo.

Chakumapeto kwa Seputembala, kunja kutayamba kutentha, anagwa aJuliyo, mnzawo amene ankaima naye mbali imodzi pathanki. Anagwa masana ali pantchito, thupi lili moto, akupuma ngati galu wothamangitsidwa, ndipo dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Amene anakasambitsa maliro ananena kuti thupi linauma nthawi yomweyo, manja osapindika, ngati la munthu amene wamwalira dzulo. Pamaliro anthu ankanong'onezana za ufiti ndi za mkangano wa dimba. Bambo wina wa kumacheka ndi amene anafunsa mokweza kuti nanga bwanji onse a kuthanki akuwonda mofanana. Lolemba lake kapitawo, aKabowa, amene analinso wapampando wa nthambi ya chipani kumudzi kwawo, anasonkhanitsa antchito onse. Anawauza kuti matabwa amenewo akumangira masukulu, ndipo amene akunyoza thanki akunyoza chitukuko, akafotokoza bwino kumene amafunsirako anthu otero. Masiku amenewo mawu otere sankafuna kubwereza. Lachiwiri malo a aJuliyo anapatsidwa kwa munthu wina.

Sabata yoyamba ya Okutobala amuna anga anabwera kunyumba akudzandira, mutu ukuwawa, akusanza. Tinapita pakachipatala kakang'ono kapafupi. Kunali mzere wautali ndi wothandiza odwala mmodzi yekha, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa munthu wotentha thupi m'mwezi umenewo aliyense amati ndi malungo. Za ntchito yawo sanafunse, ifenso sitinanene. Anatipatsa kolorokwini ndi asipirini. Atakhala kunyumba masiku atatu anapezako bwino, ndipo tinatamanda mapiritsi, osadziwa kuti chimene chinawathandiza ndi kutalikirana ndi thanki. Lachinayi anatenga chijasi chawo n'kubwerera kuntchito. Loweruka la sabata yotsatira anabwera nawo anzawo awiri atawagwirira m'mapewa, miyendo ikukwekwereka.

Uthenga unapita ku Kaphuka, ndipo Lamulungu masana anafika mlongo wawo wamkulu, aNaphiri. Anawayang'ana amuna angawo, nthiti zikuwerengeka, chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Alamu," anatero, "kodi mchere mumathira nokha m'ndiwo masiku onse?" Mkazi aliyense wa kwathu amadziwa kumene funso limeneli likulowera. Ankatanthauza kuti matendawo ndi mdulo, kuti ndawadula ndine, mwina pothira mchere ndili kumwezi, kapena poyenda ndi mwamuna wina n'kudzawaphikira. Ine amene miyezi inayi ndinali kupukuta mafinya ndi masanzi! Ndinamva ngati andithira madzi otsukira mbale kumaso. Koma ndinachitanso mantha, chifukwa mkazi woganiziridwa zotere akakana mankhwala a eni ake a munthu, amati wavomera mlandu.

Choncho pamene ananena kuti tiwafukize kuti matenda atuluke ndi thukuta, sindinatsutse. Tinawiritsa masamba a bulugamu ndi mizu imene anabwera nayo, m'chitini chomwe chija. Tinawakhazika pampando, chitini chili pakati pa miyendo, n'kuwafunditsa bulangete. ANaphiri anati bulangete lathu ndi lopyapyala, nthunzi ikuthawa. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chimandiwawabe mumtima. Palibe anandituma. Ndinapita ndekha kuseri kwa chitseko, ndinatenga chijasi chija, n'kuwafunditsa pamwamba pa bulangete, n'kukanikiza m'mbali ndi manja anga kuti mphepo isalowe. Ndinkafuna alamu anga aone kuti ndimawasamala amuna anga.

Mafuta a m'chijasi atatenthedwa ndi nthunzi anayamba kufewa. Fungo linadzaza nyumba mpaka nkhuku imene inkafungatira mazira pakona inatuluka panja. Mkatimo amuna anga poyamba ankabuula, kenako anayamba kuyankhula zosamveka, kuitana aJuliyo kuti agwire polo mbali inayo, kenako anangoti zii. Nditavundukula ndinapeza mutu uli pachifuwa, maso atatembenuka, khungu likuotcha ngati chiwaya. ANaphiri anati tiwabwezeremo, mankhwala ayamba kugwira ntchito. Sindikumbukira bwino zimene ndinawayankha, koma oyandikana nafe amati ndinayankhula mawu amene mkazi sayankhula kwa alamu ake. Ndinathamangira kwa achimwene anga kukapempha ngolo, ndipo Rozina ndinamusiya kwa amayi anga.

Ndinakhuthula masamba aja m'chitini, n'kuikamo ufa, kamphika ndi kapu, chifukwa wodwazika matenda amanyamula zake. Chijasi ndinachitenganso, popeza khadi la chipani la amuna anga linali m'thumba lake la mkati, ndipo masiku amenewo munthu sankayenda wopanda khadi ngakhale akufa. Pamsewu waukulu, tisanakwere lole ya mbatata imene inavomera kutitenga, anthu a chipani anatifunsadi makadi. Mmodzi analigwira la amuna anga pakona ndi zala ziwiri, litada ndi mafuta, anakwinya mphuno, n'kundibwezera msanga akupukuta zala pathalauza. Munthu amene anagona pangolo uja sanamuyang'ane n'komwe.

Tinafika pachipatala chachikulu cha kuboma dzuwa litapendeka, ine, aNaphiri ndi wodwala. Linali Lamulungu, ogwira ntchito anali ochepa, ndipo tinadikira pabenchi kwakanthawi amuna anga atatsamira pa ine. Amene anatipulumutsa ndi namwino wina wachikulire, wamfupi, amene dzina lake sindinalidziwe mpaka tinatuluka. Anali kungodutsa, koma anaima n'kununkhiza. Anaika kachipangizo koyezera kutentha m'khwapa mwa amuna anga, anakawerenga kawiri, n'kundifunsa kuti, "Mayi, chikununkha apachi n'chiyani? Bambowa amagwira ntchito yanji?" M'miyezi yonse imeneyo, iye anali munthu woyamba kufunsa funso limeneli. Nditamufotokozera za thanki anachikoka chijasi ndi nsonga ya nsapato n'kuchikankhira panja, n'kutuma munthu akaitane adokotala kunyumba kwawo.

Adokotala atafika anandifunsa dzina la mankhwalawo. Ndinati sindikulidziwa, koma chitini chake chili pakhonde. Anapita kukachiona, anachizunguliza m'manja akuwerenga, n'kundifunsa kuti ndimachitira chiyani. Ndinati ndimatenthetseramo madzi osamba, ndipo lero tawafukiziramo atafunda chijasi. Sanandikalipire. Anangotseka maso pang'ono, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Kenako anatifotokozera mofatsa. "Mankhwala awa dzina lake ndi pentakolorofenolo," anatero. "Amalowa pakhungu ndi popuma, osati pakamwa pokha. Akalowa, thupi limayamba kupsa lokha mkati ngati ng'anjo. N'chifukwa chake munthu samva chisanu, amamwa madzi osakhuta, amadya koma n'kumawonda. Si malungo, si ufiti, ndipo palibe amene wawachita chipongwe kunyumba. Mankhwala ochotsera poizoniyu tilibe. Tiwaziziritsa, tiwapatsa madzi, thupi lichotse lokha ngati lingathe. Asipirini asamwenso, amasonkhezera moto." Ndinayang'ana aNaphiri, koma iwo ankayang'ana pansi.

Anamwino anawavula amuna anga zovala zonse. Anawameta mpala, anawawenga zikhadabo zimene zinali ndi litsiro lakuda mkati, n'kuwasambitsa ndi sopo katatu, madzi akusintha. Madzi oyamba anatuluka ngati otsukira chiwaya. Anawagoneka pabedi la pawindo m'wodi ya amuna, atawafunditsa nsalu yonyowa yokha, diripi ili pamkono. Ntchito yanga inali kunyowetsa nsaluyo ikayamba kuuma, kuwakupiza ndi chivindikiro cha mbale, ndi kuwamwetsa madzi pang'onopang'ono ndi supuni akatsitsimuka. Nsaluyo inkauma msanga ngati yayanikidwa padzuwa. Usiku odwala ena onse m'wodimo ankalimbirana mabulangete, ndipo bambo wa bedi loyandikana nalo, amene anathyoka mwendo, anapempha kuti amusunthe chifukwa cha fungo. Sindinakhumudwe naye, chifukwa nanenso ndikanapempha chimodzimodzi.

Moyo wa m'chipatala ndi wodikira. M'mawa kwambiri namwino ankadutsa kuyeza kutentha n'kulemba papepala lokolekedwa kumiyendo kwa bedi. Kenako odwazika tonse ankatitulutsa kuti akolope, ndipo tinkakhala panja pansi pa mtengo mpaka adokotala atamaliza kuyendera odwala. Tikalowa, aliyense ankathamangira kukayang'ana nkhope ya munthu wake asanafunse kanthu. Mkodzo wa amuna anga ankati tiziusunga m'botolo kuti aziuyeza kuchuluka kwake, ndipo masiku oyamba unali wochepa ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkaunyamula botolo limenelo m'khonde monse, anthu akupatuka. Chakudya tinkaphikira kumalo a odwazika kuseri kwa chipatala, pamafuwa, nkhuni zogawana. Mayi wina wa ku Chimbiya anandibwereka ndowa yake, popeza chitini changa namwino uja anachimanga m'thumba limodzi ndi chijasi n'kuziika kutali ndi anthu.

Tsiku lachitatu amuna anga anandizindikira n'kufunsa za Rozina. Tsiku lachisanu anamwa phala masupuni angapo osasanza. Koma masana aliwonse kutentha kunkakweranso, thukuta n'kuyamba, kupuma n'kufulumira, ndipo ndinkaona namwino akulemba papepala lija. Nditamufunsa ngati achira, anangoti, "Mayi, nyowetsani nsaluyo." ANaphiri sanabwerere kwawo. Tinkasinthana kukupiza ndi kutunga madzi, ndipo kwa masiku onsewo sitinayankhulane china chilichonse kupatula za madzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Lolemba m'mawa, kunagwa kamvula, ndipo chifunga chinatsika m'phiri mpaka pawindo la wodi. Ndinali kufinya nsalu kuti ndiwafunditse pamene ndinaona tsemwe pamikono yawo. Milomo inkanjenjemera. Anatsegula maso n'kunena ndi mawu otsika kuti, "Mayi a Rozina, kodi bulangete munalisiya kunyumba? Ndikumva kuzizira." Ndinaganiza kuti matenda afika poipa, ndipo ndinathamangira namwino nsalu ikuchucha m'manja. Anabwera, anayeza, anawerenga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano ake. "Apatseni bulangete, mayi," anatero. "Munthu wanu wabwerera." Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo n'kulira, ndipo amene anawafunditsa bulangetelo ndi aNaphiri.

Tinatuluka pakati pa Novembala. Adokotala anatiuza kuti asadzayandikirenso thanki imeneyo moyo wawo wonse, chifukwa kachiwiri thupi silingapirire. Za chijasi ndi chitini anati tisaotche, utsi wake ndi poizoni woposa, koma tikakwirire pamtunda, kutali ndi chitsime ndi mtsinje. Anatipatsanso kalata yopita kukampani yofotokoza zimene anapeza, kuti ena otsala kuthanki atetezedwe.

Kalatayo ndinapita nayo ndekha, popeza amuna anga sankatha kuyenda mtunda. AKabowa anaiwerenga ataima, anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya. "Madokotala amadziwa za jakisoni, ife timadziwa za matabwa," anatero. "Akachira abwere, malo awo tiwasungira. Ndipo inu mayi, pakamwa muzisamala." Kumbuyo kwawo ndinkaona thanki, ndi bambo amene analowa m'malo mwa aJuliyo, manja ali m'mafuta mpaka m'zigongono, malaya ali otsegula, timadontho takuda titayamba kale m'munsi mwa maso. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga. Ndinkafuna kukuwa kuti onse amve, koma sindinakuwe. Ndinagwada, ndinathokoza, ndinatsanzika, ndipo malovuwo ndinakalavulira kuseri kwa mpanda kumene sakanandiona. Ulemu umene ndinapereka tsiku limenelo umandinyansa kuposa mafinya onse amene ndinapukuta. Chimene ndinatha kuchita ndi kunong'oneza akazi a anthu a kuthanki, mmodzimmodzi, pachitsime ndi potuluka m'tchalitchi. Awiri anawachotsa amuna awo. Kumene kalata ija inathera sindikudziwa.

Nkhondo yomaliza inali ya m'nyumba mwanga. Mu Januwale, nkhokwe itatsika ndipo mphamvu zitayamba kubwerera, amuna anga anayamba kunena kuti mwamuna sangakhale pakhomo pa eni ake manja ali lende, abwerera kuntchito ndipo azisamala. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza akufufuza kuseri kwa chitseko. Sindinakangane nawo. Ndinatenga khasu n'kuwauza anditsate. Tinakwera kumtunda kwa munda wathu kumene ndinakwirira thumba lija. Mvula inali itagwa mwezi wathunthu, ponseponse pali biriwiri, koma pamalo amenewo panali dazi, ngakhale chisoso sichinamere. Ndinawapatsa khasulo n'kunena kuti, "Chijasi chanu chili apa, bambo a Rozina. Ngati mukubwerera kuthanki, fukulani. Koma dzenjelo musalikwirire, mulikulitse ndithu, kuti achimwene anga asadzavutike kukumba lina." Anayang'ana dothi lopanda udzu lija. Kenako anaika khasu paphewa n'kutsetserekera kudimba.

Kuchira kwenikweni kunatenga nthawi. Miyezi isanu ndi umodzi ankatopa ndi ntchito ya mwana. Ziphuphu zinkatha n'kuyambanso kwa zaka zitatu, ndipo zinasiya timaenje kumaso ndi kuseri kwa makutu timene tilipo mpaka lero. Maso awo salimba padzuwa. Koma ali moyo, akalamba, tinabereka ana ena awiri, ndipo mbatata ndi kabichi za m'dimba lathu zinawaphunzitsa sukulu onse atatu. Rozina anayambanso kuwachingamira kunjira fungo litatha. ANaphiri sanandipepese ndi pakamwa, ndipo sindinayembekezere. Chaka chotsatira anabwera ndi nyemba zatsopano, anakhala nane kukhitchini ndikuphika, n'kundipatsira okha chikho cha mchere kuti ndithire. Anadya mpaka kupempha zina.

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikutsineni. Inu amene mumagwira ntchito ndi mankhwala, kaya oviikira matabwa, opopera m'munda, kapena otsukira zitsulo, funsani dzina lake ndipo mulisunge. Musawagwire ndi manja opanda kanthu, musadye musanasambe ndi sopo, zovala za kuntchito musalowe nazo m'chipinda chogona ana. Chitini kapena chigubu cha mankhwala si mphatso, ngakhale mutachitsuka kakhumi. Thupi likayamba zachilendo, ngakhale zooneka ngati mphamvu, pitani kuchipatala msanga, ndipo musadikire kuti akufunseni, nenani nokha ntchito imene mumagwira, mutenge ndi chitini chake ngati chilipo. Ife tinataya miyezi inayi, ndipo aJuliyo anataya moyo. Inu amayi anzanga, chinthu chikamakununkhirani moipa pathupi la munthu wanu, musadziimbe mlandu monga ndinachitira ine. Tsatirani fungolo mpaka mupeze kumene likuchokera.

Tsopano mu Juni bambo a Rozina ndi amene amayamba kudandaula chisanu pamudzi ponse. Amavala majuzi awiri ndi chipewa cha ulusi, amalanda malo a adzukulu pamoto, ndipo m'mawa satuluka mpaka dzuwa lifike pakhonde. Ana amawaseka kuti agogo ndi amantha. Ine sindiwaseka. Ndikamva mano awo akugundana, ndimapita kukatenga bulangete lina, loyera, lonunkhira sopo, n'kuwafunditsa ndi manja omwe aja.